Kalembedwe ka kalata yoperekeza pepala la kafukufuku kwa mkonzi wa magazini

Munthu akamaliza kulemba pepala la kafukufuku amakhala atatopa kale. Wayenda m'midzi ndi mafunso, walimbana ndi manambala pa kompyuta, wakonza ndi kukonzanso ndime zimene omuyang'anira pa maphunziro anazikana, ndipo chimene akufuna tsopano ndi kungolitumiza pepalalo kuti apume. Pa nthawi yotereyi m'pamene tsamba lotumizira la magazini limamufunsa kalata yoperekeza pepala, imene pa Chingerezi amaitcha cover letter, ndipo ambiri amailemba usiku womwewo mothamanga, batire la laputopu likutha. Ndaziona zimenezi kangapo kwa anzanga kuno ku Kasungu, ena aphunzitsi a kukoleji ya aphunzitsi, ena azachipatala, ena alangizi a zaulimi amene akumaliza digiri yachiwiri ku LUANAR, ku Mzuzu University kapena ku KUHeS. Zimandipweteka mtima kuona ntchito ya zaka ziwiri ikubwezedwa m'masiku atatu, isanafike n'komwe m'manja mwa akatswiri ounika, pa chifukwa cha tsamba limodzi limene silinapatsidwe nthawi.

Amene anapitako ku okushoni ya Chinkhoma amadziwa mmene wogula fodya amayendera mu mzere wa mabelo. Samasula belo lonse. Amayang'ana tikiti, amasolola masamba ochepa, ndipo pa zochepa zomwezo amagamula za belo lathunthu. Mkonzi wa magazini ya akatswiri naye amalandira mapepala ambiri kuposa amene angasindikize, choncho ntchito yake yoyamba ndi kusankha amene ayenera kupita kwa ounika ndi amene ayenera kubwezedwa pomwepo. Zimene amawerenga pa sitepe imeneyi ndi mutu wa pepala, chidule chake ndi kalata yanu. Kalatayo tsono ili ndi ntchito ziwiri zokha: kumuuza mkonzi chimene mwapeza ndi chifukwa chake owerenga magazini yake akuchifuna, komanso kumutsimikizira kuti m'kati mwa belomo simunabisemo kanthu.

Musanalembe liwu lililonse

Kalata yabwino imayamba ndi kusankha magazini, chifukwa simungalembere munthu amene simukumudziwa. Tsegulani tsamba la magaziniyo pa intaneti ndipo muwerenge mbali ziwiri. Yoyamba ndi imene imafotokoza cholinga cha magazini ndi mitundu ya nkhani zimene imalandira. Yachiwiri ndi malangizo a olemba. Safunsa adadya phula, ndipo malangizo amenewa ndiwo amayankha mafunso ambiri amene anthu amavutika nawo: kaya magaziniyo imafuna kalata kapena ayi, kaya kalatayo iyikidwe ngati fayilo yapadera kapena ilembedwe m'bokosi la pa tsamba lotumizira, ndiponso mawu otsimikizira amene ayenera kupezekamo. Magazini ina imalamula kuti mutchule mayina a ounika m'kalata, ina imakana zimenezo n'kupereka fomu yake. Pamene malangizo anga asemphana ndi a magazini, tsatirani a magazini.

Mukatero, werengani mapepala amene magaziniyo yasindikiza m'zaka ziwiri kapena zitatu zapitazi. Sindikunena kuti muwerenge onse mpaka kumapeto, koma muone mitu ndi zidule zake, ndipo mulembe pambali mapepala awiri kapena atatu amene akuyandikana ndi ntchito yanu. Mukapanda kupeza ngakhale limodzi, ndiye kuti mwina mwagogoda pakhomo polakwika, ndipo kalata, ngakhale italembedwa mwaluso chotani, singakonze zimenezo.

Pano ndichenjeze pang'ono, chifukwa anzathu ena aluza ndalama. Pali magazini ena amene amatumiza imelo yokuyamikirani, kukutchani pulofesa pamene simunafikepo, ndi kulonjeza kuti pepala lanu lisindikizidwa pasanathe sabata ziwiri mukangolipira. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Magazini yoona imatenga nthawi chifukwa akatswiri ounika amafunika kuwerenga. Onani ngati magaziniyo ikupezeka m'kaundula wa magazini a akatswiri wa pa intaneti, monga wa DOAJ, wa African Journals Online kapena wa PubMed, ndipo tsamba la Think. Check. Submit. lili ndi mafunso othandiza poiyesa. Kwathu konkuno tili ndi Malawi Medical Journal ya nkhani zaumoyo, ndi Journal of Humanities ya ku University of Malawi, ndipo onse awiriwa amapezeka pa African Journals Online.

Kenaka sonkhanitsani patebulo zinthu zimene mudzazifune polemba, kuti musamadukize ntchito n'kuyamba kusakasaka. Mufunika mutu womaliza wa pepala monga walembedwera pa pepalapo, mayina a olemba onse mu ndondomeko imene munagwirizana, dzina la komiti imene inavomereza kafukufukuyo pamodzi ndi nambala ya chilolezo, dzina la bungwe limene linapereka ndalama ngati lilipo, ndi nambala yanu ya ORCID, imene imakuzindikiritsani monga mlembi wa kafukufuku. Nambala ya ORCID ndi yaulere, ili ndi zilembo 16, ndipo imathandiza kwambiri kwa ife a mayina ofanana. A Banda, a Phiri ndi a Mwale ndife ochuluka, ndipo popanda nambalayi ntchito yanu ikhoza kusokonezedwa ndi ya munthu wina.

Kumutu kwa kalata ndi malonje

Pamwamba lembani dzina lanu, malo amene mumagwira ntchito kapena kuphunzira, adiresi yake, imelo ndi tsiku. Ngati bungwe lanu lili ndi pepala la chidindo chake ndipo mwaloledwa kuligwiritsa ntchito, ndi bwino kutero, koma kusowa kwake sikulepheretsa pepala kulandiridwa. Perekani imelo imene mumaitsegula kawirikawiri ndipo simudzaitaya mukasintha ntchito kapena mukamaliza sukulu, pakuti makalata a magazini amatha kubwera patapita miyezi ingapo.

Lemberani mkonzi wamkulu pomutchula dzina ndi udindo wake, monga zalembedwera pa tsamba la magazini lero lino, osati monga munaonera pa pepala lakale, chifukwa akonzi amasinthana. Ngati dzinalo silikuoneka, mawu akuti Dear Editor ndi okwanira. Pewani kulemba Dear Sir, popeza akonzi ambiri ndi amayi, ndipo dzina lachilendo silikuuzani ngati mwini wake ndi bambo kapena mayi.

Pa malonje pali chinthu chimene chimativuta ife amene tinakulira m'mwambo wa ulemu. Tinaphunzitsidwa kuti munthu sungafike pakhomo la wamkulu n'kuyamba nkhani usanaodire, usanafunse za moyo ndi za kunyumba, ndipo kusukulu tinaphunzira kalata yofunsira ntchito imene imadzaza ndi kupempha ndi kudzichepetsa. Mwambo umenewu ndi wabwino pamalo pake, ndipo sindikufuna kuti aliyense autaye. Koma kwa mkonzi wa magazini, ulemu umaoneka pa kusunga nthawi yake. Kalata yanga yoyamba inali ndi ndime yathunthu yothokoza mkonzi ndi kumupempha kuti andichitire chifundo monga munthu wochokera kudera lakumudzi, ndipo zotsatira za kafukufuku zinabwera kumapeto kwa tsamba lachiwiri. Pepalalo linabwezedwa lisanaunikidwe. Mnzanga wina wachikulire pa ntchito ataiwerenga kalatayo anandiuza mosapita m'mbali kuti ndinapempha chifundo pamalo pamene ndinayenera kuonetsa ntchito. Inu simukupempha thandizo. Mwabweretsa chinthu chimene magaziniyo imachifuna kuti ikhale ndi moyo, ndipo kalata yanu iyenera kulankhula modekha ngati ya munthu wodziwa zimenezo.

Ndime yoyamba

Ndime imeneyi ikhale yaifupi, ziganizo ziwiri kapena zitatu. Nenani kuti mukutumiza pepala la mutu wakuti, m'malo mwa olemba anzanu, kuti liganiziridwe kusindikizidwa m'magazini yakuti. Tchulaninso mtundu wa pepalalo malinga ndi magulu amene magaziniyo imagwiritsa ntchito, kaya ndi kafukufuku watsopano, kaya lipoti lalifupi, kaya kuunika kwa zimene ena analemba kale, kaya lipoti la wodwala mmodzi. Ngati mukulitumiza ku kope lapadera limene magaziniyo inalengeza, kapena ngati munalemberanapo kale ndi mkonzi wina za pepalali, apa m'pamene muyenera kunena.

Ndime yachiwiri, pamene pagona kalata yonse

Apa ndipo pofunika kukhalitsa. Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kukopera chidule cha pepala n'kuchimata m'kalata. Mkonzi ali nacho kale chidulecho, ndipo akachionanso m'kalata amadziwa kuti wolembayo sanaganize za iye. Chidule chimalembedwera akatswiri a phunziro lanulo, pamene mkonzi wamkulu kawirikawiri amayang'anira gawo lalikulu ndipo mwina sanagwirepo ntchito pa kanthu kanu kenikeniko. Muyenera kumufotokozera m'mawu osavuta zinthu zitatu motsatizana: chimene sichinali kudziwika, chimene inu munachita, ndi chimene mwapeza.

Njira imene yandithandiza ndi iyi. Ngakhale kalatayo idzalembedwa m'Chingerezi, popeza magazini ambiri ndi a Chingerezi, yambani mwafotokoza ntchito yanu pakamwa m'Chichewa kwa munthu wanzeru amene si wa phunziro lanu, monga mphunzitsi mnzanu kapena amalume anu amene amalima. Muuzeni chimene mwapeza m'mphindi imodzi. Akakufunsani kuti, "Tsono zimenezi zitithandiza chiyani?" yankho limene mungamupatse ndilo mtima wa ndime yachiwiri. Chichewa sichilola kubisala kuseri kwa mawu akuluakulu a m'mabuku, ndipo ngati simungathe kunena m'chilankhulo chanu chimene mwapeza, ndiye kuti simunachimvetse mokwanira kuti muchilembe m'chilankhulo cha eni.

Tiyerekeze kuti ndinu mlangizi wa zaulimi ndipo munafufuza za chuku cha mu mtedza m'midzi ya kwa Santhe ndi ku Chamama. N'zodziwika kale kuti chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, kuti chinyezi chimachikulitsa, ndiponso kuti alimi ena amawaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe pouswa. Kalata yofooka ingathere ndime yonse kufotokoza kuti mtedza ndi mbewu yofunika m'Malawi ndipo aflatoxin ndi woopsa, zimene mkonzi wa magazini ya zaulimi kapena ya zachakudya anazidziwa kalekale. Kalata yamphamvu inganene m'chiganizo chimodzi kuti kuopsa kwa chinyezi n'kodziwika, kenaka n'kuloza mpata weniweni umene inu munauona m'zolemba za ena, mwachitsanzo funso la chimene chimachititsa alimi kupitiriza kuwaza madzi ngakhale atalangizidwa. Ikatero inganene chiwerengero cha mabanja amene munawafikira, nyengo imene munatenga mtedza wokayeza, njira yoyezera, ndipo pomaliza chotsatira chachikulu pamodzi ndi nambala yake yeniyeni yochokera m'pepala lanu. Sankhani chotsatira chimodzi kapena ziwiri. Zina zonse mkonzi akazipeza m'pepalamo.

Nambala imeneyo ndi yofunika. Kunena kuti mwapeza kusiyana kwakukulu sikumuuza mkonzi kanthu, koma kunena kukula kwa kusiyanako kumamupatsa chogwira. Onetsetsani kuti nambala ya m'kalata ikufanana ndendende ndi ya m'chidule ndi ya m'matebulo, chifukwa nthawi zambiri munthu amakonza matebulo komaliza n'kuiwala kalata imene anailemba kale.

Samalaninso ndi kudzitama. Mawu akuti kafukufukuyu ndi woyamba pa dziko lonse, kapena kuti asintha ulimi wa mu Africa, amamudzutsa mkonzi kuti ayambe kukukayikirani, ndipo akangopeza pepala limodzi lotsutsa mawu anuwo, chikhulupiriro chonse chimatha. Ngati mwafufuza bwino ndipo simunapeze ntchito yofanana ndi yanu, nenani kuti monga mwa kufufuza kwanu funsoli silinayankhidwepo m'dera lotere. Musanene kuti chinthu china chimayambitsa chinzake pamene kafukufuku wanu anangoonetsa kuti ziwirizo zimapezekera limodzi. Komanso musagwere mbali inayo ya kupeputsa ntchito yanu ndi kupepesa kuti ndi yaing'ono. Zofooka za kafukufuku zili ndi malo ake m'pepala, ndipo kumeneko zifotokozeni moona mtima, koma kalata si malo ozindandalika.

Ndime yachitatu: chifukwa chiyani magazini imeneyi?

Funso limene mkonzi wa kunja amakhala nalo akaona kafukufuku wa m'boma limodzi la m'Malawi ndi lakuti owerenga ake a ku Kenya, ku India kapena ku Brazil aphunzirapo chiyani. Ntchito yanu ndi kuliyankha funsoli iye asanalifunse. Sindikutanthauza kuti mubise Kasungu kapena Mchinji ngati kuti ndi malo ochititsa manyazi. Ntchito ya MaiMwana, imene inachitika ku Mchinji pa magulu a amayi ndi alangizi odzipereka a amayi oyamwitsa, inasindikizidwa m'magazini ya The Lancet mu 2013. Inachitikira m'midzi yomwe timaidziwayi, koma funso lake, lakuti kodi anthu a m'mudzi eni ake angachepetse imfa za amayi ndi makanda, linali funso la mayiko ambiri. Chotero onetsani kuti dera lanu likuimira chiyani. Mu chitsanzo chathu cha mtedza, munganene kuti alimi ang'onoang'ono amene amaswa mtedza pamanja ndi kuusunga m'nyumba alipo m'mayiko ambiri a kuno kummwera kwa Africa, choncho zimene mwapeza zikukhudza alangizi ndi ogula a kumeneko.

Apa m'pamene mapepala aja munalemba pambali amagwira ntchito. Tchulani limodzi kapena awiri, ndipo munene mwachidule mmene ntchito yanu ikupitirizira, ikutsimikizira kapena ikutsutsira zimene iwo anapeza. Zimenezi zimaonetsa kuti mumaiwerenga magaziniyo. Kungolemba kuti magazini yanu ndi yotchuka ndi yolemekezeka sikuthandiza, chifukwa chiganizo chotere chingalembedwe kwa mkonzi wina aliyense. Ngati mukutumiza ku magazini ya kwathu konkuno, kulumikiza zotsatira zanu ndi ndondomeko za boma kapena ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku ya m'zipatala ndi m'masukulu athu kumamveka bwino kuposa kuloza kunja.

Mawu otsimikizira

Ndime imeneyi anthu amaiona ngati mwambo chabe, koma chiganizo chilichonse mmenemo ndi lonjezo limene dzina lanu lasainira. Lonjezo loyamba ndi lakuti pepalali silinasindikizidwepo kwina, ndipo silikuganiziridwa ndi magazini ina pa nthawi yomweyi. Ndikudziwa kuti kudikira miyezi kumawawa, makamaka pamene kukwezedwa pa ntchito kapena kumaliza digiri kukudalira pepalalo, ndipo mtima umafuna kuponya mbedza m'maiwe awiri. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Akatswiri ounika pa phunziro limodzi ndi ochepa, ndipo zimachitika kuti magazini awiri atumiza pepala lomwelo kwa munthu mmodzi. Zikadziwika, onse awiri amalikana, ndipo akhoza kulembera bungwe lanu. Dikirani yankho, kapena lembani kalata yochotsa pepala lanu ndipo mulandire chitsimikizo musanalitumize kwina.

Ngati mbali ina ya ntchitoyi inaonekapo kale pagulu, nenani. Mwina pepalali lachokera m'buku lanu la digiri limene lili m'nkhokwe ya yunivesite pa intaneti, mwina munaperekapo chidule chake pa msonkhano wa akatswiri, kapena munaliyika pa tsamba la mapepala osaunikidwa monga medRxiv. Magazini ambiri amalola zimenezi akauzidwa, koma amakhumudwa akazitulukira okha kudzera m'makina ofufuza zolemba zofanana. Chimodzimodzinso ngati muli ndi pepala lina lochokera mu kafukufuku yemweyo limene lili ku magazini ina, litchuleni ndipo mufotokoze kusiyana kwake.

Lonjezo lachiwiri ndi lakuti olemba onse awerenga pepalali ndipo avomereza kuti litumizidwe. Musalembe zimenezi musanawatumizire pepala lomaliza ndi kulandira yankho la aliyense. Komiti ya akonzi a magazini a zaumoyo ya ICMJE inayika mfundo zinayi za munthu woyenera kutchedwa mlembi: akhale atathandiza kwambiri pa kukonza kafukufuku kapena pa kusonkhanitsa, kusanthula ndi kutanthauzira zopezedwa, akhale atalemba nawo kapena kuunika pepalalo mozama, avomereze pepala lomaliza, ndipo alole kuyankhapo pa ntchito yonse. Bwana amene anangopereka galimoto kapena kusainira kalata malo ake ndi m'ndime ya kuthokoza. Nkhani imeneyi ndi yovuta m'maofesi athu, pamene wamng'ono amaopa kusiya dzina la wamkulu, choncho ikambiraneni kafukufuku asanayambe. Mbali inayo, musasiye dzina la mnzanu wa kumudzi amene anagwiradi ntchito yofika pa mfundozi chifukwa chakuti alibe digiri yapamwamba.

Lachitatu ndi chilolezo cha komiti yoteteza anthu otenga nawo mbali. Tchulani komitiyo ndi nambala ya chilolezo, kaya ndi COMREC ya ku KUHeS, kaya komiti ya dziko lonse ya NHSRC pa kafukufuku wa zaumoyo, kaya ya NCRSH pa kafukufuku wa zachikhalidwe ndi kakhalidwe ka anthu, kapena komiti ya yunivesite yanu, ndipo munene kuti otenga nawo mbali anavomera atafotokozeredwa. Kalata ya ofesi ya zaumoyo ya m'boma kapena chilolezo cha amfumu ndi zofunika kuti mugwire ntchito m'dera, koma sizilowa m'malo mwa chilolezo cha komiti. Ngati munayesa mankhwala kapena njira ya chithandizo pa anthu, perekani nambala ya kaundula, monga wa Pan African Clinical Trials Registry kapena ClinicalTrials.gov. Kuyambira mu 2005, magazini otsatira ICMJE amafuna kuti kafukufuku wotere alembetsedwe munthu woyamba asanalowemo.

Chotsala ndi kunena amene anapereka ndalama, komanso ubale uliwonse umene ungachititse owerenga kukayikira chilungamo chanu. Kuno kwathu, kumene makampani a fodya, a mbewu ndi a feteleza amathandiza ntchito zambiri za ulimi, nkhani imeneyi si yongopeka. Kulandira thandizo la kampani si mlandu, koma kulibisa ndiko kumawononga dzina. Ngati palibe ubale wotere, nenani m'chiganizo chimodzi kuti palibe. Kuyambira mu 2023, malangizo a ICMJE amanenanso kuti amene wagwiritsa ntchito mapulogalamu a AI polemba afotokoze m'kalata ndi m'pepala momwe mmene anawagwiritsira ntchito, ndipo pulogalamu yotere singalembedwe ngati mlembi.

Ounika ndi malipiro

Magazini ikapempha mayina a ounika, perekani anthu atatu kapena anayi amene analembapo pa phunziro lanu, pamodzi ndi malo awo a ntchito ndi imelo ya bungwe lawo. Asakhale okuyang'anirani pa maphunziro, anzanu a ofesi imodzi, kapena amene mwalemba nawo pepala posachedwapa. Popeza akatswiri m'dziko lathu ndi ochepa ndipo ambiri amadziwana, ndi nzeru kusakaniza a kuno ndi a mayiko ena. Mndandanda wa mabuku a kumapeto kwa pepala lanu ndi malo abwino oyambira kusaka mayina. Ngati pali munthu amene simukufuna kuti aunike, mungamutchule ndi chifukwa chachifupi chopanda kunyoza, koma chigamulo ndi cha mkonzi.

Za malipiro, magazini ambiri amene owerenga salipira amalipiritsa olemba, ndipo mtengo wake umakhala m'madola kapena m'mapaundi, ndalama zimene mphunzitsi kapena namwino wa kuno sangazikwanitse. Malawi ali m'gulu la mayiko amene amapindula ndi ndondomeko ya Research4Life, yothandiza mayiko osauka kupeza zolemba za akatswiri, ndipo ofalitsa ambiri akuluakulu amachotsa kapena kuchepetsa malipiro kwa olemba a m'mayiko otere. Chofunika ndi nthawi yopemphera. Pemphani potumiza pepala, pa fomu imene yaperekedwa, kapena m'chiganizo chimodzi cha m'kalata ngati malangizo atero. Mukadikira mpaka pepala litalandiridwa, ofalitsa ena salolanso pempholo.

Kutseka ndi kutumiza

Tsekani ndi chiganizo chimodzi chothokoza mkonzi chifukwa choganizira pepala lanu, kenaka dzina lanu monga mlembi wolandira makalata m'malo mwa onse, udindo wanu, imelo, nambala ya foni yoyamba ndi +265, ndi ORCID. Kalata yonse ikwane pa tsamba limodzi. Ikapitirira, kawirikawiri pochepetsa ndi pa mawu oyamba a ndime yachiwiri, pamene timakonda kufotokoza zimene mkonzi akudziwa kale.

Musaitumize tsiku lomwe mwailemba. Igonekeni, ndipo m'mawa muiwerenge mokweza, chifukwa khutu limagwira zimene diso lalumpha. Ipatseni olemba anzanu, komanso munthu mmodzi wa phunziro lina, ndipo mumufunse kuti akuuzeni chimene mwapeza osayang'ananso pa tsamba. Akalephera, bwererani ku ndime yachiwiri. Ngati magaziniyo imabisa mayina a olemba kwa ounika, onetsetsani kuti kalata yaikidwa pamalo pake pa tsamba lotumizira, kaya ndi Editorial Manager, ScholarOne kapena OJS, ndipo sinaphatikizidwe mu fayilo ya pepala. Popeza magetsi ndi netiweki zimatha kuduka muli pakati, konzeranitu mafayilo onse mufoda imodzi musanayambe, sungani ntchito pa sitepe iliyonse, ndipo musatseke kompyuta musanalandire imelo yokhala ndi nambala ya pepala lanu. Nambala imeneyo ilembeni m'kope, chifukwa ndiyo mudzatchule pa kalata iliyonse yofunsa za pepalalo.

Pepala likabwezedwa, monga zimachitikira ngakhale kwa akatswiri a zaka zambiri, kalata yakale musaitumize kwina ili choncho. Sinthani tsiku, dzina la mkonzi ndi dzina la magazini paliponse pamene likupezeka, ndipo gwiritsani ntchito chida chofufuzira mawu cha pa kompyuta kuti dzina lakale lisatsalire m'kati mwa ndime. Ndime yachitatu ilembeni mwatsopano kuchokera pachiyambi, mutawerenga mapepala a magazini yatsopanoyo monga munachitira poyamba paja. Ngati ounika a magazini yoyamba anapereka ndemanga ndipo mwakonza pepalalo, yerekezaninso manambala a m'kalata ndi a m'matebulo atsopano, ndipo mutumizire olemba anzanu onse kuti avomerezenso musanalembe kachiwiri kuti avomereza.